Fupa lopatulika ndi jekeseni ya pamsana

Kwathu ku Kabudula, mayi akachira kudzera pa opaleshoni, anzake amafunsa za jekeseni ya pamsana: "Anakubayani kangati?" Akati katatu, mlandu watha, wobayayo ndi wophunzira kumene. Ine ndikuona kuti timafulumira kuweruza, ndipo mboni yanga ndi fupa.

M'munsi mwa msana, pakati pa mafupa a m'chiuno, muli fupa lotchedwa sacrum. Dzinali ndi la Chilatini, os sacrum, fupa lopatulika (ife a zinenero timakomedwa ndi tinthu totere). Mwa mwana amakhala mafupa asanu, ndipo amalumikizana munthu akamakula, koma kumunsi kumatsala kampata. Mu 1901 madokotala awiri a ku Paris, Jean-Athanase Sicard ndi Fernand Cathelin, aliyense payekha, anasonyeza kuti mankhwala ochititsa dzanzi atha kulowera pamenepo. Mpaka lero njirayi imathandiza ana pa opaleshoni ya m'munsi mwa mchombo.

Vuto n'lakuti kampatako sikafanana. Mwa ena n'kotakasuka, mwa ena n'kopanikizika, mwa ena n'kotsekeka ndithu. Palinso anthu amene fupa lomaliza la msana wawo linamatirira ku sacrum, pomwe ena chigawo choyamba cha sacrum sichinalumikizane ndi zinzake. Buku limati mafupa a msana wa m'munsi ndi asanu. Iwowa ali ndi anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo amalima bwinobwino osadziwa.

Jekeseni ya amayi oyembekezera imalowa pamwamba pa sacrum, pakati pa mafupa amenewa, m'munsi mwa pomwe mtsempha waukulu wa msana umathera. Wobaya amafufuza malowo popapasa nsonga za mafupa a m'chiuno. M'Malawi muno ntchitoyi amagwira kwambiri ndi ma clinical officer ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo nthawi zambiri maso awo ndi zala. Taganizani kupapasa msana wa munthu amene mimba ikumuletsa kuwerama, ululu wa matenda ukumugwedeza.

Osadziwa ntchito alipo, sindikukana. Koma chondiwawa ine ndi chete. Mayi amauzidwa kuti "weramani, musagwedezeke", basi. Kumufotokozera kuti misana imasiyana ndipo singano itha kugunda fupa sikungathe mphindi ziwiri. Akapanda kumva zimenezo amatuluka ndi nkhani yakeyake, n'kukaiuza mng'ono wake wa pakati, amene tsiku lake likadzafika adzayamba wazengereza kukwera njinga ya kuchipatala.