Mowa wa msuweni wanga ku Namitete

Anzanga a kunyanja, iyi ndi yaitali ndithu, koma werengani mpaka kumapeto musanaponye ku gulu lina.

Munthu akamamwa kachasu m'mawa ndi madzulo timafulumira kunena kuti vuto lake ndi mowa. Timamulanda ndalama, timamupititsa kumapemphero, ena mpaka kumumanga pa mtengo. Ine ndaona kuti nthawi zambiri mowawo umakhala ukuphimba chilonda china chimene chili m'mutu, ndipo ukachotsa mowa wokha chilondacho chimatsala poyera.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali siginala pa chilimira cha bambo anga ku Senga Bay. Usiku wina mwera unagubuduza bwato, mnzake wa ubwana sanapezeke mpaka tsiku lachitatu. Maliro atatha iye anati nyanja basi, napita kwa amalume ake kufupi ndi Namitete kukalima fodya. Ife tinati wachita bwino. Koma uko samagona. Mphepo ikawomba mabulugamu usiku iye amamva mafunde, thukuta kamukamu, mtima phaphapha. Anapeza kuti kachasu amamugonetsa. Fodya atagulitsidwa ku Kanengo, ndalama yonse inathera kwa mayi wotcheza. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma kachasu sasowa pamudzi, mukudziwa nokha.

Amalume anamutsekera m'nyumba masiku awiri kuti asiye. Anayamba kunjenjemera, kuona zinthu pakhoma, kenako anakomoka. Tinathamanga naye ku St Gabriel's, ndipo adokotala anatiuza chinthu chimene aliyense wa ife akuyenera kudziwa: munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Kusiyako kumafunika achipatala pafupi.

Atachira thupi tinayamba kupita naye ku uphungu m'tauni. Kwa amene simukudziwa, ku Lilongwe kuli St John of God ku Area 43 ndi mbali ya matenda a maganizo ku Bwaila, kupatula chipatala chachikulu chija cha ku Zomba.

Ine ndimayembekezera ulaliki. Aphungu aja sanamukalipire ngakhale kamodzi. Funso loyamba linali lakuti, “Achimwene, mowawu umakuthandizani chiyani?” Tangoganizani, eti! Iye anati umandigonetsa. “Nanga umakulandani chiyani?” Anakhala chete, kenako anatchula yekha mkazi wake, njinga imene anapinyolitsa, mwana amene amathawa akamva mawu ake. Njira imeneyi amaitcha motivational interviewing, anaiyambitsa William Miller mu 1983. Mfundo yake ndi yoti chifukwa chosiyira chituluke m'kamwa mwa mwini wake, pakuti cha m'kamwa mwa amalume sichifika ndi Loweruka lomwe.

Kenako anampatsa kope. Nthawi iliyonse akafuna kumwa alembe: ili nthawi yanji, wamva chiyani, waganiza chiyani. Patatha masabata atatu kopelo linaulula lokha. Mphepo ya usiku, ndi ganizo limodzi lobwerabwera: ndine ndinamupha, ndikanaona mitambo. Aphungu anakhala naye pa ganizo limenelo ngati mmene timakhalira pa ukonde wopiringizika, kumasula diso limodzilimodzi. Usiku uja anatuluka mabwato angati? Alovi akuluakulu anaona chiyani? Iyi ndiye CBT, kufufuza ganizo ngati lili loona musanalimvere. Za mowa ndi za ngozi ija amazikambirana pa mpando umodzi, tsiku limodzi. Kwa ine apa ndi pamene panagona nkhani yonse.

Wina anena kuti zimenezi n'za m'tauni. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu, Friendship Bench, ndipo yafika kale kuno ku Malawi. Ngati agogo akutha, bwanji pa doko pathu, pamene chaka ndi chaka timakwirira anzathu n'kubwerera m'madzi mawa lake osakambirana kanthu?

Msuweni wanga anamwanso mu Julaye, mwera utafika. Aphungu sanamuthamangitse, anangoti tsegulani kope tione usiku umenewo. Vuto lalikulu pano ndi thiransipoti ya Namitete kupita m'tauni, ndiye tikusonkherana ine ndi azakhali. Kunyanja sanapondeko, ndipo sitikumukakamiza.