Mudzi Wopanda Bwinja

Kwathu ku Dedza mudzi ukasamuka umasiya bwinja. Nyumba zimagwa, zipupa n'kusanduka milu ya dothi, koma mitengo ya mango imatsala chilili ndipo manda sasuntha. Ndili mwana, agogo anga aakazi ankanditenga popita kukathyola mango kubwinja lathu. Tikafika ankaima pamalo ena, n'kuloza pansi ndi ndodo yawo, amvekere: "Apa mpomwe panali nkhokwe ya atate anga, ndipo apo mpomwe ndinabadwira ine." Choncho ndinakula ndi maganizo akuti mudzi uliwonse umene unakhalapo pansi pano uli ndi bwinja lake. Maganizo amenewa anasintha m'chaka cha 2019, nditaona mudzi wina wa kutali kwambiri ndi kwathu.

Chaka chimenecho ndinachita mwayi wopita ku Germany kukaphunzira Chijeremani kwa miyezi itatu. Ndinkagona m'nyumba ya mayi ena achikulire, amasiye, m'kamudzi kena ka m'mphepete mwa tauni ya Erkelenz, m'chigawo cha North Rhine-Westphalia. Kamudziko kanandidabwitsa tsiku loyamba lomwe. Nyumba zonse zinali zatsopano, misewu yosalala, koma panalibe mtengo ndi umodzi womwe wokhala ndi mthunzi woti munthu n'kupumulirapo. Mitengo yonse inali yaing'ono ngati yobzala dzana. Chodabwitsa china chinali chakuti ambiri mwa eni kamudzi katsopanoka anali okalamba.

M'chipinda chochezera cha mayiwa munali chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha nsanja ziwiri. Tsiku lina tikumwa khofi ndinawafunsa kuti, "Amayi, tchalitchi chokongolachi chili kuti? Ndikufuna ndikachione ndisanabwerere kwathu."

Iwo anayang'ana chithunzicho kwa kanthawi asanandiyankhe. Kenaka anati, "Mwana wanga, wachedwa. Chinagumulidwa chaka chatha." Madzulo amenewo ndi pomwe ndinayamba kumva mbiri ya mudzi wa Immerath, ndipo zina ndinadzaziwerenga ndekha pambuyo pake.

Dzina la mudziwu limapezeka koyamba m'zolembedwa za m'chaka cha 1144, pomwe linalembedwa kuti Emundrode. Ife ophunzira zilankhulo dzinali lingatiphunzitse kanthu. Mphatikiram'mbuyo wakuti "rode", amene pambuyo pake anasanduka "rath", amatanthauza malo omwe anthu analambula nkhalango kuti alimepo ndi kumangapo. Kunena kwathu kuno tingati mphanje. Midzi yambiri ya m'derali ili ndi mayina othera chimodzimodzi, monga Jackerath ndi Lützerath, kusonyeza kuti makolo a anthuwa anaswa mphanje ndi nkhwangwa ngati momwe anachitira makolo athu. Nthaka yake ndi yachonde, ndipo kwa zaka zoposa 800 anthu a ku Immerath ankalima, kukwatirana, kubatiza ana ndi kuika maliro pamalo amodzimodziwo.

Pakati pa mudzi panali tchalitchi cha Katolika chotchedwa St. Lambertus, potengera dzina la bishopu wa ku Maastricht amene anaphedwa ku Liège cha m'ma 705. Tchalitchi chakale chitachepa, anthu anachigumula m'chaka cha 1888 n'kuyamba kumanga china chachikulu pamalo omwewo, motsatira pulani ya katswiri wa zomangamanga wa ku Cologne, Erasmus Schüller. Chinadalitsidwa m'chaka cha 1891. Nsanja zake ziwiri, zotalika pafupifupi mamita 40, zinkaonekera patali chifukwa deralo ndi lachidikha. Anthu ankachitcha "Dom", mawu amene m'Chijeremani amanena tchalitchi chachikulu cha bishopu, ngakhale kuti ku Immerath kunalibe bishopu. Dzinali linali lonyadira chabe, la alimi amene anamanga chinthu choposa msinkhu wa mudzi wawo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachiwononga, koma eni ake anachikonzanso.

Chimene nkhondo inalephera, malasha anachitha. Pansi pa minda ya derali pali malasha ofiirira amene amakumbidwa posenda nthaka yonse ya pamwamba, osati poboola mauna monga m'migodi ina. Malashawo amatenthedwa m'nyumba zopangira magetsi monga ya ku Neurath. Mgodi wa kampani ya RWE umene uli m'derali umatchedwa Garzweiler, lomwe ndi dzina la mudzi wina umene mgodiwo unameza kale. Boma la chigawo litavomereza m'chaka cha 1995 kuti mgodi ukule, Immerath anapezeka kuti ali m'njira. Kusamuka kunayamba m'chaka cha 2006. Anthu analandira chipukutamisozi, ena anamanga m'kamudzi katsopano komwe ndinkagona ine, ena anabalalikira kwina. Misa yomaliza inachitika pa 13 October 2013, ndipo pa 8 January 2018 makina anayamba kugumula tchalitchicho. Anthu a bungwe la Greenpeace anakwera pamwamba pake pofuna kuletsa ntchitoyo, koma anangoichedwetsa ndi maola ochepa. Pofika tsiku lotsatira nsanja zonse ziwiri zinali pansi. Chimene chinatenga zaka zitatu pomanga chinatenga masiku awiri pogumula.

"Nanga manda?" Limeneli ndi funso loyamba lomwe linatuluka m'kamwa mwanga, pakuti kwathu manda sitisewera nawo. Ngakhale nkhuni za kumanda sititola.

"Anafukula," anatero mayiwo. "Bambo a kunyumba kuno ndinawaika kawiri. Koyamba ndinalira. Kachiwiri misozi inakana, ndinangoima ngati mlendo pamaliro a eni ake."

Loweruka lina mdzukulu wawo anatitenga pagalimoto kupita ku Immerath wakale. Nyumba zambiri zinali zitagumulidwa kale, ndipo zotsala zinali zokhomedwa matabwa m'mazenera. Pamalo a tchalitchi panali bwalo la dothi lokhalokha. Mayiwo anayenda pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuloza pansi ndi ndodo yawo: "Apa mpomwe panali khomo. Ndinatulukira pamenepa tsiku la ukwati wanga." Thupi langa linachita tsembwe, chifukwa kaimidwe kawo, ndodo yawo ndi mawu awo zinali za agogo anga enieni kubwinja la ku Dedza. Ndinayesa kuwafotokozera mawu athu akuti bwinja m'Chijeremani changa chothyokathyoka. Anandimvetsa, ndipo anapukusa mutu.

"Lanu limakhalapo mpaka adzukulu," anatero. "Ili ndi la masiku owerengeka. Nthaka yomwe tapondayi aichotsa."

Tanthauzo la mawu amenewa ndinalimvetsa titafika pamalo oonerapo mgodi pafupi ndi Jackerath. Ndinaona dzenje lofika pomwe maso amalekezera, lakuya pafupifupi mamita 200 m'malo ena. M'kati mwake munali makina okumbira okhala ndi gudumu la zidebe. Amodzi mwa makina otere, otchedwa Bagger 288, ndi otalika mamita 96, kutanthauza kuti nsanja za St. Lambertus zikanasanjikidwa ziwiri sizikanawafika. Dzina la mudzi linayamba ndi kulambula nkhalango, ndipo mbiri yake inatha ndi kulambula mudzi weniweniwo pamodzi ndi dothi lake.

Pamenepa ndiyenera kuulula chinthu chimodzi, poopa kuti awerengi angandione ngati munthu wolungama. Nditaima m'mphepete mwa dzenje lija sindinangomva chisoni chokha. Ndinachitanso kaduka. Ine mayeso a sitandade 8 ndinawerengera koloboyi, mpaka m'mphuno mumachita kuda ndi utsi. Ku sekondale magetsi ankazima pakati pa nthawi yowerenga. Koma m'miyezi itatu yomwe ndinakhala ku Erkelenz magetsi sanaphethire n'kamodzi komwe, ndipo ndinkadziwa kuti ena mwa magetsiwo ankachokera m'maenje ngati limeneli. Mumtima ndinadzifunsa kuti, atabwera munthu kudzanena kuti pansi pa bwinja lathu pali chuma choti n'kuwalitsa Dedza yense, ine ndingakane? Ndikanena kuti ndingakane mosavuta ndiye kuti ndikunama.

Ndinawauza mayiwo maganizo angawa, ndikuopa kuti akhumudwa. Sanakhumudwe. Anati nawonso abale awo ena ankagwira ntchito mumgodi momwemo, ndipo nyumba yatsopanoyo ndi yofunda kuposa yakale. "Sindikunena kuti anatibera," anatero. "Analipira zonse zomwe zimawerengeka: zipinda, munda, mitengo ya zipatso. Koma papepala lawo panalibe mzere wolembapo njira yochokera pakhomo panga kukafika kutchalitchi, yomwe ndinayenda zaka 60." M'kamudzi katsopano anamangamo katchalitchi kakang'ono ka dzina lomwelo la St. Lambertus, ndipo ena mwa mabelu akale anapachikidwamo. Mayiwo ankati belu likalira amalizindikira mawu ake, koma amatembenukira mbali yolakwika.

Nkhaniyi inandikhudza chifukwa ndinali ndi mlandu wanga. Kwa zaka ziwiri ine ndi amalume tinkakakamiza agogo kuti achoke kumudzi adzakhale nafe ku Lilongwe, kufupi ndi chipatala. Iwo ankakana, amvekere: "Ndikachoka, adzalambule manda ndani? Nanga Lachisanu ndikasesa tchalitchi cha yani?" Ine ndi sukulu yangayi ndinkaona ngati ndi kusamva chabe kwa ukalamba. Ndinkawerengera zipinda, madzi a m'mipope ndi mtunda wa kuchipatala, ndendende ngati pepala la chipukutamisozi lija. Sindinkadziwa kuti pali zinthu zina zomwe munthu sanganyamule pamutu posamuka, ngakhale atamulipirira galimoto.

Nditabwerera kumudzi, zinthu ku Germany zinapitirira kusintha. M'chaka cha 2022 boma ndi kampani ya RWE anagwirizana kuti kutentha malasha ofiirira m'dera la Rhineland kuthe pofika 2030, ndipo midzi isanu yomwe inali pamndandanda womezedwa, kuphatikizapo Keyenberg ndi Kuckum, inapulumuka. Koma kamudzi ka Lützerath, koyandikana ndi Immerath, kanagumulidwa mu January 2023 apolisi atachotsa anthu ochita zionetsero. Kwa Immerath mgwirizanowo unafika madzi atatayika kale. Mudzi umene unapirira zaka zoposa 800 unaphonyana ndi chipulumutso ndi zaka zochepa chabe.

Agogo anga sanasamuke. Tinagwirizana kuti tiziwatenga nthawi ya kuchipatala yokha, akachira tiziwabweza. Tchuthi chapitachi ndinawapempha kuti tipitenso kubwinja, ulendo uno ndili ndi kope ndi cholembera. Anadabwa, nandifunsa kuti, "Iwe, za kusukuluzi zafika mpaka pa nkhokwe ya atate anga?" Ndinawayankha kuti inde agogo, zafika. Iwo ankaloza ndi ndodo, ine ndinkalemba: pomwe panali nkhokwe, pomwe panali khola, njira yakale ya kutchalitchi, ndi dzina la aliyense wogona pansi pa mitengo ija. Tinabwerako dzuwa litapendeka, mango ali m'thumba.