Maungu anthete pa makala

Wootcha kanyenya ukamuuza kuti aike dzungu pa waya, amaseka. Kwathu dzungu ndi la mumphika, ndipo timalidikira mpaka likhwime. Koma ife amene timakhalira pa mbaula m'malo odyera timadziwa mtundu wina wa maungu umene sudikira kukhwima. Ndi zukini, amene m'masitolo a ku Johannesburg amalembedwa kuti baby marrow, pamodzi ndi anzake aphwatalala otchedwa patty pan. Amathyoledwa patangopita masiku ochepa duwa litafota, khungu likadali lofewa, nthanga zisanalimbe. Mayi amene amaponya timaungu ndi chiluwe mu nkhwani akuudziwa kale msinkhu umenewu.

Makolo a mbewuyi ankalimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, koma zukini wautaliyu anamutulutsa ndi alimi a kumpoto kwa Italy, cha ku Milan, m'zaka za m'ma 1800.

Ntchito imayambira pamsika, ndipo wootcha wodziwa sathamangira zukini wamkulu. Amafuna wa masentimita 15 mpaka 20, wolemera m'dzanja, wakhungu lonyezimira loti chikhadabo chikangokhudza chisiye chizindikiro. Amayang'ana kamchira ngati kali kobiriwira, kenako amatsina kumapeto kumene kunali duwa: kukakhala kofewa, ameneyo wagonera masiku. Zukini wamkulu amasangalatsa wogulitsa, koma mkati mwake mumakhala mwa wofuwofu, nthanga zili gwa, ndipo akafika pa moto amangolira madzi.

Asanadule onse, wootcha amabenthula kachidutswa n'kulawa. Akamva kuwawa ngati ndulu, amataya dzungu lonselo. Kuwawako ndi poizoni wotchedwa cucurbitacin, amene satha ngakhale utaotcha kapena kuphika. Mu 2015 bambo wina wa zaka 79 ku Heidenheim, m'dziko la Germany, anamwalira atadya ndiwo za zukini wowawa wolimidwa pakhomo.

Mdani wamkulu pa ntchitoyi ndi madzi. Pa magalamu 100 a zukini, pafupifupi 95 ndi madzi okhaokha, ndiye luso lonse lagona pa kupsereza kunja madziwo asanatuluke n'kusandutsa chootcha kukhala chophika. N'chifukwa chake wootcha sasenda, pakuti khungu ndilo limagwira mnofu kuti usaphwasuke. Amadula m'litali, chidutswa chilichonse chonenepa sentimita imodzi. Chopyapyala chimapserera n'kugwera m'makala, chonenepetsa chimada kunja mkati muli mwamuwisi. Akatero amawaza mchere, n'kusiya kwa mphindi 15 kapena 20. Timadontho tikatuluka pamwamba, amapukuta ndi kansalu koyera n'kupaka mafuta ophikira pang'ono. Ine mafuta ndimapaka pa dzungulo, osati pa waya, chifukwa a pa waya amadontha n'kudzutsa malawi amene amasiya mwaye pa chakudya.

Moto wake ndi waukali, koma wopanda malawi. Makala ayambe ayera phulusa, ndipo dzanja likaikidwa pamwamba pa waya lisathe kupirira masekondi oposa atatu. Zidutswa zimayalidwa motalikirana kuti nthunzi ipeze pothawira. Apa ndi pamene ophunzira ntchito amayabwa m'manja, kufuna kumangotembenuza. Wootcha weniweni amasiya mphindi 3 kapena 4, mpaka mizere ya waya idindike ndipo chidutswa chinyamuke chokha osamatirira. Amatembenuza kamodzi basi. Patty pan wamkulupo amamudula pakati mopingasa, ang'onoang'ono amawatunga pa kamtengo kuti asagubuduke.

Adyo sayenda nawo pa moto chifukwa amapserera msanga n'kuwawitsa zonse. Amasinjidwa padera ndi mafuta, madzi a ndimu ndi kambuzi pang'ono, n'kuthiridwa zidutswa zikangophulidwa, zidakali zotentha. Mu mbale siziunjikidwa kapena kuvindikiridwa, apo ayi zimapitiriza kupsa ndi nthunzi yake yomwe n'kufota.

Nkhuku imatenga nthawi pa makala, chambo chimatengako pang'ono, koma zukini amapsa m'mphindi zosakwana 10 ndipo sachedwa kulefuka akazizira. Muikeni pomaliza, nyama itatsala pang'ono kuphulidwa, ndipo odya akhale atasamba kale m'manja.