Chimbale cha M'sutikesi

Kuno ku Geelhoutpark liwu lakuti ngozi sitilitchula mwachibwana, pakuti amuna athu amatsikira kunsi kwa nthaka kukakumba pulatinamu. Koma atate, amene anakulira ku Lusaka, liwu lomweli linkawavinitsa. Atamwalira, m'sutikesi mwawo ndinapezamo Day of Judgement, chimbale choyamba cha gulu la Ngozi Family, cha mu 1976. Gitala ya Paul Ngozi imalira mokalipa ngati makina obowola thanthwe.

Ana anga amayankhula Chitswana. Chinyanja amangochimva patalipatali. Dzulo ndinawatsegulira nyimbozo pafoni, poti galamafoni tilibe. Wamng'ono anafunsa kuti ngozi n'chiyani. Bambo ake anali asanatuluke mumgodi. Ndinazengereza, kenako ndinati, "Ndi woyimba amene agogo ako ankamukonda."