Kompyuta ya mphwanga ndi fumbi la ku Fíngoè

Masiku ano mukayenda m'misika yathu ya m'malire muno, kuyambira kuno ku Fíngoè mpaka ku Malowera, simulephera kupeza kanyumba kamene ana aunjikana pakhomo ngati pogawa nyama. M'katimo mumakhala galasi la kanema, ndipo anyamata awiri amakhala atagwira tizipangizo m'manja akuthamangitsa osewera mpira. Amalipira pa mpira uliwonse, ndipo madzulo mwini wake amawerenga ndalama zooneka ndithu. Bizinesi imeneyi yakopa achinyamata ambiri, moti ena ayamba kuumiriza makolo kugulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti nawonso ayambitse yawo. N'chifukwa chake ndati ndilembeko m'mene ife tinasankhira zida za kompyuta yotere, kuti wina asanamasule ng'ombe m'khola aone kaye poyambira.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafoni. Mwana wa mlongo wanga atamaliza sekondale anakhala zaka ziwiri wopanda chochita, ndipo mayi ake anavomera kuti ng'ombe imodzi igulitsidwe kuti mnyamatayo atsegule malo a magemu. Nkhani inafika kwa ine, pajatu kwathu kuno ng'ombe ya mbumba siituluka m'khola malume asanamve. Iye sanafune PlayStation monga anzake ambiri. Anati akufuna kompyuta yoti m'mawa azilemberapo anthu ma requerimento ndi makalata ofunsira ntchito, aziikiranso anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore, kenaka masana izikhala ya mpira. Apa ndinamuyamikira, chifukwa chida chogwira ntchito ziwiri chimabweza ndalama msanga.

Kwa amene simunaonepo m'kati mwa kompyuta, muli zidutswa zimene munthu amatha kugula chilichonse pachokha n'kuzilumikiza, monga m'mene amisiri amamangira njinga kuchokera pa felemu. Pali purosesa, kachidutswa kochepa ngati bisiketi kamene kamawerengera zonse. Iko kamakhala pa motherboard, thabwa pamene zida zonse zimakhazikika. Pali RAM, pomwe makina amaika zimene akugwira nthawi yomweyo, ndi posungira zinthu kwa nthawi yaitali. Ndiye pali graphics card, khadi lojambula zithunzi zoyenda pa galasi, ndipo pa magemu limeneli ndilo limadya ndalama zambiri. China chimene anyamata sachiyang'ana n'komwe ndi power supply, kabokosi kolandira magetsi a pakhoma n'kuwasandutsa aang'ono oyenera zida zinazo.

Mphwanga anabwera ndi mndandanda umene anakopera kwa azungu a pa YouTube, ndipo pamwamba penipeni analemba RTX 4090. "Amalume, limeneli ndiye khadi," anatero maso ali waliwali. Ine ndinangomufunsa kuti, "Iwe, mphamvu zake ndamva, nanga limadya chiyani?"

Khadi limeneli ndi la kampani ya NVIDIA ndipo linatuluka mu 2022. Palokha limakoka mawati 450 likamagwira ntchito molimbika, ndipo eni ake amalangiza power supply ya mawati 850. Lotsatira lake, RTX 5090 la mu 2025, limafika mawati 575. Mtengo wake osanena, ng'ombe imodzi ingangothera pakhomo. Koma ngakhale wina atatipatsa ulere, tinatenga pepala n'kuwerengera. Yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Makina okoka mawati 600 kwa maola 10 amadya mayuniti 6 pa tsiku, pamene okoka mawati 200 amadya mayuniti 2 okha. Mwana wodzasewera mpira amalipira ndalama yomweyo, kaya makina ndi ati. Azungu a pa YouTube aja sawerengera zimenezi, chifukwa iwo amasewera okha m'nyumba zozizira ndipo sitolo ya zida ili pafupi. Ife tiyenera kuyambira pa magetsi, pa fumbi ndi pa kutalika kwa msewu, khadi n'kubwera pambuyo.

N'zoona kuti nyanja ya Cahora Bassa ili kum'mwera kwa boma lathu lomweli la Marávia, ndipo damu la ku Songo limatha kupanga mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kupita ku South Africa pa mawaya a makilomita oposa 1,400. Koma kuyandikana ndi nkhokwe ya mfumu si kukhuta ayi. Magetsi ofika kuno amayenda mtunda wautali m'tchire, ndipo nyengo ya mvula mphenzi ndi mitengo yogwa zimawasokoneza. Amatha kuthima, kubwera ofooka, kapena kubwerera mwaukali. M'midzi yambiri ya kunja kwa tauni anthu amadalira sola ndi batire, ndipo kumeneko makina a mawati 600 angamalize batire mpira woyamba usanathe bwino.

Tsono chinthu choyamba chimene tinalemba pa pepala latsopano chinali power supply yabwino. Pa ntchito yangayi ndaona zambiri zopsa, ndipo kawirikawiri moto umayambira m'kabokosi kameneka. Kotchipa kakafa sikafa kokha, kamatenga motherboard ndi khadi ngati maliro a mfumu akale. Wogulitsa wina mumzinda anafuna kutipatsa kena ngati basela, atalembapo mawati ambirimbiri koma kopepuka ngati chitini cha sadini. Tinakana. Power supply yeniyeni imalemera m'manja, imakhala ndi dzina la kampani yodziwika monga Corsair kapena Seasonic, ndiponso chizindikiro cha 80 Plus chosonyeza kuti siitaya magetsi ambiri monga kutentha. Ife tinatenga ya mawati 550, yokwanira n'kutsalako. Pambali pake tinagula UPS, kabokosi ka batire kamene kamagwiriziza makina kwa mphindi zochepa magetsi akathima kuti munthu azime bwinobwino. Ndinakhomeranso ndekha chitsulo pansi kuseri kwa nyumba n'kulumikiza waya wa nthaka, popeza tizida toteteza ku magetsi aukali sititeteza mokwanira popanda waya umenewu, ndipo nyumba zambiri kuno zilibe. Ngakhale zili choncho, mitambo ikayamba kugunda lamulo ndi lozula pulagi pakhoma. Mphenzi ilibe chida choiletsa.

Pa purosesa tinasankha Ryzen 5 5600G ya kampani ya AMD, ya mu 2021. Siyatsopano, ndipo mphwanga anakwinya nkhope. Koma imakoka mawati 65 okha, ndipo chilembo cha G kumapetoko chili ndi tanthauzo. Purosesa imeneyi ili ndi kojambulira zithunzi kakekake m'kati. Inzake yotchedwa 5600 yopanda G siionetsa kanthu pa galasi ngati palibe khadi. Ndiye taganizani, khadi lafa Lolemba, mwezi wa February, msewu wa ku Bene uli matope okhaokha. Wa purosesa yopanda G watseka sitolo mpaka atapita ku Tete. Ife tingozula khadilo, kulumikiza waya wa galasi ku motherboard, ntchito ya makalata n'kumapitirira, ngakhale mpira n'kumaseweredwa ndithu titachepetsa kukongola kwa zithunzi. Lili ngati tayala lapadera pa galimoto.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa si purosesa iliyonse imalowa pa motherboard iliyonse, monga m'mene tayala la 28 sililowera pa njinga ya 26. Yathuyi imakhala pa mpando wotchedwa AM4, umene unayamba mu 2016 ndipo umayendera RAM ya mtundu wa DDR4. Mpando watsopano wa AM5, wa mu 2022, umafuna DDR5 basi. Mukasokoneza zimenezi mudzafika kunyumba ndi zida zosagwirizana, sitolo ili ulendo wa tsiku. Ubwino wa AM4 ndi woti yakhalitsa, choncho zida zake zosinthira n'zosavuta kuzipeza, ngakhale zogwiritsidwa kale ntchito. RAM tinatenga ya magigabaiti 16, koma timitengo tiwiri ta 8 osati kamodzi ka 16. Tiwiri timakoka limodzi ngati ng'ombe pa goli, ndipo kamodzi kakafa kinako kamayendetsabe makina. Dziwaninso kuti chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera zedi pa dziko lonse, chifukwa makampani oipanga monga Samsung, SK hynix ndi Micron anatembenukira kwa ogula akuluakulu omanga nyumba za makompyuta a AI. Choncho musadabwe wogulitsa akatchula mtengo wokugwetsani pansi, ndipo musagule yoposa imene mukufuna.

Khadi tinatenga RTX 3050 ya magigabaiti 6, imene inatuluka mu 2024. Imakoka mawati 70 ndipo siifuna waya wapadera wa magetsi. Mpira umene ana amautchulabe kuti FIFA, ngakhale dzina linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, umayenda bwino pamenepo, chimodzimodzinso eFootball imene kale inali PES. Mwana wa ku Chiputo akafuna kuthamangitsa Geny Catamo, mnyamata wathu amene anatenga ligi ya ku Portugal ndi Sporting mu 2024 ndi 2025, safunsa kuti udzu wa pabwalo ukuoneka tsamba ndi tsamba kapena ayi. Iye amafuna kuti akadina batani mpira uchoke nthawi yomweyo. Kumangirira khadi lalikulu pa purosesa yapakatikati kuli ngati kuika nkhunzi pa goli limodzi ndi thole, ngolo imayendera liwiro la tholelo.

Pali makadi ambiri akale otchipa amene amabwera ndi abale ochokera ku Johannesburg. Ena ndi abwino, koma kumbukirani kuti mu 2021 makadi ambiri anagulidwa ndi anthu okumba ndalama za pa intaneti, ndipo ankayaka usana ndi usiku osapuma. Ntchito imeneyo itatha pa Ethereum mu September 2022, makadiwo anakhuthukira m'misika. Musalipire khadi lakale musanalione likusewera gemu kwa theka la ola, mukumvetsera mafani ake ngati sakulira. Za makompyuta akale a m'maofesi a Dell ndi HP, amene amagulitsidwa motchipa m'mizinda, ndingoti ndi olimba pa makalata, koma ambiri ali ndi bokosi lopapatiza ndi power supply ya mtundu wawowawo yosalola kusintha. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kuti purosesa, ikakhala ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Funsani m'badwo wake musanatulutse ndalama.

Posungira tinatenga SSD ya terabaiti imodzi, poti gemu imodzi ya mpira imafuna malo okwana magigabaiti 100. Ma hard disk akale ali ndi mbale yozungulira m'kati ngati galamafoni, ndipo sakondwera ndi mabampu a chapa kapena kuthima kwa magetsi kwadzidzidzi. SSD ilibe choyenda m'kati.

Tinakangana kwambiri pa bokosi. Mphwanga ankafuna la galasi kutsogolo ndi m'mbali, lowala mitundumitundu ngati basi ya ku Lusaka. Koma ngakhale kuno kuli pamtunda kusiyana ndi ku Tete, mwezi wa October kumatentha, ndipo kanyumba ka malata kodzaza ana kamasanduka uvuni. Bokosi lotsekedwa ndi galasi silipuma. Tinatenga la sefa kutsogolo, lolowetsa mphepo koma lotchinga fumbi, ndipo tinaliika pa tebulo osati pansi pomwe mapazi amafukula dothi. Mwezi uliwonse amatsuka sefayo ndi kupemerera m'kati, atagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Adani ena ndi amoyo. Mphemvu, nyerere ndi nalimata zimakonda pofunda, ndipo ine ndatulutsapo analimata angapo owauka m'mawailesi a anthu. M'sitolomo saloledwa kudyeramo mandasi kapena kuthira zakumwa pafupi ndi makina.

Kogula kuli kuwiri kapena kutatu. Ena amatsika ku Tete, ena amaoloka pa Cassacatiza kulowa Chanida n'kupita ku Katete ndi Chipata, mwinanso mpaka ku Lusaka. Kunja mitengo nthawi zina imaoneka yotsika, koma muonjezepo kusintha ndalama, msonkho wa pa chipata, ndi ulendo wobwezera chinthu chikapezeka chakufa. Ife tinagula ku Tete, ndipo tinapempha kuti alumikize zonse ndi kuyatsa pamaso pathu tisanalipire, atilembere lisiti yokhala ndi nambala ya chida chilichonse ndi masiku a garantia. Magemu tinaikiratu komweko kumene intaneti ndi yamphamvu, chifukwa kukopera magigabaiti 100 pa bandulo ya foni kuno kungathe mtengo wa mbuzi. Pobwera khadi tinalizula n'kulikulunga palokha, ndipo bokosi mphwanga analifungatira pamiyendo njira yonse ngati khanda.

Ndalama zotsala zinapita ku tizipangizo togwira m'manja tija. Timeneti ndito timafa msanga kuposa china chilichonse, chifukwa mwana akagoletsedwa ukali wake umathera pa batani. Tinagula tinayi ta waya, tiwiri pa tebulo ndi tiwiri m'kabati, poti ta batire timafuna kutchaja ndipo timalowa m'thumba mosavuta. Mlongo wanga naye anaikapo lamulo lake asanalole kuti chitseko chitsegulidwe, lakuti mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu asalowe, ndipo wobwera ndi ndalama yaikulu yosadziwika kochokera makolo ake auzidwe. Aphunzitsi a pafupi atamva anabweretsa okha ntchito yawo yolemba mayeso.

Pa zowalawala ndinamulolera fani imodzi yokha ya kumbuyo, ya buluu, imene siidya magetsi oti n'kuwerengera. Iye akuti ikayaka madzulo imaonekera pa zenera mpaka kumsika ndipo ana amailondola, tsono akufuna kuonjezera ina yofiira akagulitsa soya wa chaka chino. Ndamuuza kuti batire ya UPS imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye ndalama ya soyayo ayambe wasungira imeneyo.