Mphuno ya Mayi Anga pa Msika wa Chimbiya

Apaulendo odutsa mu msewu wa M1 amadziwa Chimbiya chifukwa cha nyama ya nkhumba, koma ife obadwira kuno timaidziwanso ngati dera lozizira, kumene mbatatesi imakondwa koma mpunga sulimidwa. Mpunga wathu ndi mlendo: wina umakwera phiri kuchokera ku chigwa cha Bwanje, kumene kuli sikimu yothirira yomangidwa ndi chithandizo cha dziko la Japan, wina ku Salima ndi ku Nkhotakota, wina kutali ku Karonga. Popeza ndi wogula, timaudya pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena kukabwera mlendo wolemekezeka.

Chaka china ndinafuna kusangalatsa mayi anga, ndipo ndinagula makilogalamu 5 kwa wamalonda wina amene analumbira kuti unali Kilombero weniweni. Mayi anatapa pang'ono, naupekesa m'manja, nauzira mpweya wa m'kamwa, naununkhiza. Kenaka analuma njere imodzi, nayala zina pa lichero kuti aone zosweka ndi timiyala. Anandiyang'ana mwachifundo nati, "Bambo, mwagula dzina, mpunga mwausiya kumsika." Unali wosakaniza. Ine amene ndinatha zaka zambiri ndikuwerenga mabuku ndinagonja kwa mphuno ya munthu amene analekera sukulu panjira!

Mawa lake tinabwerera limodzi kumsika, ndipo zimene anachita zinandidabwitsa koposa. Atapeza Kilombero wabwino, wa njere zazitali ndi wonunkhira, anagula pang'ono chabe, woti adye alendo. Ndalama zotsala anagulira mpunga wotsika mtengo, wosanunkhira konse. Nditafunsa chifukwa, anayankha kuti, "Uwu umatupa. Adzukulu khumi sakhuta fungo."

Owerenga okondedwa, mawu amenewa ndimawakumbukira ndikamva za akatswiri oyesa kupima zimene ogula amafuna pa mpunga. Munthu atabwera ndi pepala kudzafunsa mayi anga kuti amakonda mpunga uti, angayankhe Kilombero, ndipo sanganame. Koma ataima pambali n'kuona chimene alowetsa m'dengu, angalembe zina. Yankho la pakamwa ndi yankho la m'thumba sizilingana. N'chifukwa chake akatswiri a bungwe la AfricaRice, m'zaka za 2008 ndi 2009, anayesa njira ina ku Senegal. Ankapatsa amayi mpunga wamba, n'kuwafunsa kuti angawonjezere ndalama zingati kuti ausinthe ndi wosankhidwa bwino. Ankafunsa asanalawe, nafunsanso atalawa, ndipo wopambana ankalipiradi. Anapeza kuti amayiwo ndi okonzeka kulipira zambiri pa mpunga wa kwawo ngati uli woyera ndi wosankhidwa. Komatu kumeneko ambiri amakonda mpunga wosweka, womwewo umene ife kuno timausungira phala.

Nkhaniyi si ya kukhitchini kokha. Ku Lifuwu, m'boma la Salima, kuli malo ofufuzira za mpunga, ndipo ofufuza amafuna mbewu zocha msanga ndi zobereka kwambiri. Kilombero amachedwa kucha ndipo zokolola zake n'zochepa, koma pamsika ndiye mfumu. Faya nayenso amagulidwa chifukwa cha fungo. Mlimi wa ku Bwanje akamvera uphungu wa zokolola zokha, akhoza kudzaza matumba koma n'kugulitsa motchipa. Akatsata fungo lokha, matumba achepa. Amene apima molakwa zofuna za ogula amalakwitsa mlimi chaka chathunthu, iye mwini osataya kanthu. Ndiye pali wamalonda uja wosakaniza: amabera ine lero, koma amaberanso mlimi wa ku Karonga, pakuti dzina la mpunga wake likayamba kukayikitsa, mtengo umagwa.

Masiku ano ndikafuna mpunga ndimayesa kupekesa ndi kununkhiza monga ndinaonera. Amayi ogulitsa amandiseka, ndipo mmodzi anandiuza kuti ndimauzira mpweya ngati ndikuyatsa moto. Mayi anga sanditumanso ndekha.