Psychology ili ndi mphambano

Anzanga aphunzitsi, komanso inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Mchinji ndipo pano mukuchita psychology ku UNIMA, ku Zomba, tiyeni tikambirane za mphambano imene ikukudikirani.

Ambiri mumathamangira industrial psychology poti ntchito za HR ku Lilongwe zili ndi malipiro ooneka. Sindikukunenani, njala ilibe manyazi. Ena mumalota za clinical, n'kumatchula dzina la a Chiwoza Bandawe. Chabwino, koma digiri yoyamba payokha siyipanga munthu kukhala clinical psychologist. Pamafunika masters, ndiponso nthawi yaitali yophunzirira pa odwala, monga amene amathandizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Makolo a kwa Mkanda amene anagulitsa mtedza kuti akulipirireni fizi auzeni zimenezi msanga, asamadikire dokotala tsiku la graduation.

Njira imene ikumera udzu ndi ya psychology ya ana ndi maphunziro. Ife pa diploma tinangolawako za Piaget, basi. Koma mtsikana wa Fomu 2 akasiya kuyankhula m'kalasi, kenako n'kumveka kuti wawoloka pa Mwami kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Chipata, uphungu wonse umagwera mphunzitsi wokhala ndi mulu wa makope osachonga.

Amene musankhe njirayi, research ya chaka chomaliza mudzachitire kuno. Mabuku anu amati depression, mwana wa ku Kapiri adzangokuuzani kuti, "Sala, ndikumaganiza kwambiri."